Mabwana atatu, antchito anayi: nyimbo za Conrad Beissel

Mlungu uno ndi gawo langa, ndipo ndabwera ndi munthu wakutali komanso wakalekale. Dzina lake Conrad Beissel, Mjeremani wophika buledi amene anasamukira ku America mu 1720, n'kukalemba kumeneko nyimbo zamapemphero mazanamazana, n'kumaphunzitsa anthu ake kuimba ndi malamulo odzipangira yekha. Ndamusankha chifukwa cha mkangano uja umangobwerabwera muno, woti kodi wolemba ndakatulo azitsata malamulo kapena azingolemba mmene mtima wamuuzira. Bambo ameneyu ali mbali zonse ziwiri. Malamulo a akatswiri a ku Ulaya sanawalabadire, koma m'malo mwake anaikamo ake, okhwima kuposa amene anawasiyawo.

Anabadwa mu 1691 ku Eberbach, m'mbali mwa mtsinje wa Neckar. Bambo ake, omwenso anali ophika buledi, anamwalira iye asanabadwe, mayi ake n'kutsatira iye asanakwane zaka 10. Anakula wamasiye, sukulu yochepa, ntchito ya buledi ndi kuliza vayolini basi. Ali ku Heidelberg anayamba kusonkhana ndi timagulu topemphera m'nyumba, timene boma ndi mipingo ikuluikulu sizinkatifuna, ndipo mapeto ake anathamangitsidwa m'deralo. Atafika ku Pennsylvania ankafuna kukakhala ndi anthu odzipatula a Johannes Kelpius, koma anapeza kuti Kelpiusyo anamwalira kale mu 1708. Anakhala kaye ku Germantown kwa Peter Becker, kuphunzira kuomba nsalu. Becker yemweyo anamubatiza mu 1724, koma pofika 1728 awiriwa anali atasiyana, chifukwa Beissel ankalimbikira zinthu ziwiri: kupemphera Loweruka, ndi kunena kuti umbeta umaposa ukwati. Pano musawasokoneze ndi a Seventh-day Adventist, iwo mpingo wawo unakhazikitsidwa mu 1863, patapita zaka zoposa 100.

Mu 1732 anapita kukakhala yekha m'mbali mwa kamtsinje ka Cocalico. Anthu anamutsatira, ndipo pamenepo panabadwa mudzi wa Ephrata: nyumba ya abale osakwatira, nyumba ya alongo osakwatiwa, ndi mabanja okhala m'minda yozungulira amene ankabwera kudzapemphera nawo. Osakwatirawo pachimake anafika pafupifupi 80. Ankavala mikanjo yoyera, kudya kamodzi patsiku, kugona pa benchi yopapatiza ndi chipika ngati pilo, ndipo pakati pa usiku ankadzuka kupemphera maola awiri kudikira kubwera kwa Ambuye.

Za moyo wake ndilekere pamenepo. Chimene chandikoka ndi lamulo lake la nyimbo.

Amene munaimbapo kwaya mukudziwa do, re, mi, fa, so, la, ti. Beissel anatenga manoti 7 amenewa n'kuwagawa pawiri. Atatu, do, mi ndi so, anawatcha mabwana. Anayi otsalawo anawatcha antchito. Ndiye lamulo n'lakuti phatikizo limene munthu amalitsindika polankhula lipatsidwe bwana, limene salitsindika lipatsidwe wantchito. Kutalika kwa noti chimodzimodzi: phatikizo lotsindikidwa likokedwe, linalo lidutse msanga. Akamaliza liwu lotsogolera, mawu enawo sankachita kuwaganizira. Anali ndi matebulo, ngati a masamu aja, osonyeza kuti pamene wotsogolera ali pa noti yakuti, alito aime apa, tena apa, besi apa. Zimenezi anazifotokoza m'mawu oyamba a buku la nyimbo lotchedwa Turtel-Taube, kutanthauza njiwa, limene linasindikizidwa ku Ephrata komweko mu 1747, ndipo ambiri amati n'chimodzi mwa zolemba zoyambirira zophunzitsa kapekedwe ka nyimbo ku America konse. Munthu wake anayamba zimenezi ali ndi zaka pafupifupi 50, wopanda mphunzitsi wa kusukulu ya nyimbo.

Ndiyambe ndi kumuyamikira, chifukwa pali choyamikira. Kwa Beissel mawu ndiwo mwini nyumba, chuni ndi mlendo. Nyimboyo imayenda mmene chiganizo chikuyendera, osati mmene ng'oma ikulamulira. Chifukwa cha ichi sankafunikanso kuti mizere ikhale yofanana kutalika. Ankatha kutenga ndime za m'Baibulo mmene zilili, ngati za mu Nyimbo ya Solomo, n'kuziika pa manoti osachotsa kapena kuwonjezera liwu.

Ife Amalawi tiyenera kumumva bwino pamenepa kuposa wina aliyense. Tsegulani buku la nyimbo la kutchalitchi kwanu muone timakoma tam'mwamba tija tadzaza m'mizere, pamene womasulira anadula chilembo kuti liwu lachichewa likwane m'chuni chimene chinasokedwera Chingerezi. Ife polankhula timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, koma chuni zambiri zobwera zimathera mzere pa noti yaitali yamphamvu, ndiye timapezeka tikukoka kachilembo komaliza kamene pakamwa pathu sitikakoka. Kuwonjezera apo Chichewa chili ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu kumene kumasintha tanthauzo. Kumsika ndikati mtengo wa mango, kasitomala amadziwa ngati ndikunena wokhala pamthunziwo kapena ndalama zoti alipire, koma chuni chobwera sichilabadira zimenezo. Tinazolowera, ndipo nyimbo zimenezi timazikonda, zatiperekeza m'maliro ndi m'maukwati. Koma nsapato ya mnzako, ngakhale uizolowere, chala chimadziwa. Chijeremani chilibe vuto la kukwera ndi kutsika ngati lathu, chake n'kutsindika kokha, komabe mfundo ya Beissel ndi yomweyo imene opeka nyimbo za kwaya zathuzathu amaitsata osaiwerenga paliponse: yamba walankhula chiganizocho, umve pamene chikupuma, kenako uchiimbe.

Chachiwiri choyamikira: lamulo lakelo ndi lophweka moti munthu wamba angaliphunzire. Ku Ulaya nthawi imeneyo kupeka nyimbo ya mawu anayi inali ntchito ya zaka, pansi pa katswiri. Bach anali moyo, ku Leipzig. Ku Ephrata mlongo wopota ulusi ankatha kutenga tebulo lija n'kupeka yake.

Tsopano vuto. Matebulo amenewa amangopereka manoti ogwirizana okhaokha. Palibe pamene mawu awiri amakhulana kaye, n'kuvutana, kenako n'kudzamasukirana. Koma kukhulana kumeneko ndi kumene kumachititsa khutu kudikira. Oimba kwaya mukukudziwa, pamene alito amakanirira pa noti yake kamphindi enawo atasuntha, m'mimba n'kuchita ngati mwamangika, kenako n'kutsika, mpingo wonse n'kupuma. Kwa Beissel mulibe zimenezo. Nyimbo yoyamba imakoma, yachiwiri imakoma, ikafika yachisanu umayamba kufunsa ngati si yoyamba ija yabweranso. Ndipo apa ndi pamene ndikuona kusagwirizana kwenikweni pakati pa mawu ndi chuni, kwa munthu yemwe ankadzitama kuti amatsata mawu. Ndakatulo zake zadzaza ndi kusiyidwa, mtanda, chipululu, njiwa yolira yokha. Chuni chake sichidziwa kulira. Anatsata kamvekedwe ka maphatikizo, koma zimene mawuwo akunena anazisiya panja. Munthu akunena kuti mtima wanga wasweka, manoti ali phee ngati madzi a mumtsuko.

Alipo amene angayankhe kuti n'zimene ankafuna, kuti ankasaka kuimba kwa angelo, kopanda thupi, kopanda phokoso la dziko. Ndikuvomera kuti ankafuna zimenezo. Koma kufuna chinthu mwadala sikuchisandutsa chabwino. Ngati ankafuna mtendere wa kumwamba, bwanji mawu ake ali odzaza ndi madandaulo a pansi pano? Chimodzi mwa ziwirizi chikunama.

Tibwere ku ndakatulo zenizenizo. Zithunzi zake zambiri anazitenga m'Baibulo ndi kwa Jakob Böhme, wosoka nsapato wa ku Görlitz amene ankalemba za Nzeru ya Mulungu ngati namwali wotchedwa Sophia. Ndiye m'nyimbo za ku Ephrata mumapezeka mkwati, mkwatibwi, chikondi chotentha, kudikira usiku, phwando la ukwati wa Mwanawankhosa. Zimandidabwitsa ndithu. Munthu amene mu 1730 anatulutsa kabuku konyoza ukwati, kouyerekeza ndi ndende ya anthu achithupithupi, chuma chake chonse cha mawu anakachibwereka ku ukwati komweko. Anakana nsima n'kumanyambita mbale. Ndipo sizinali nkhani za papepala chabe. Akazi ena anasiyadi mabanja awo kumutsatira. Mmodzi anali Maria Christina, mkazi wa Christopher Sauer, amene anachoka pakhomo cha mu 1730, n'kudzabwerera mu 1744.

Sauer ameneyu ndi wofunika m'nkhani yathu, chifukwa ndi iye yekha amene anachita ntchito ya mkonzi pa zolemba za Beissel. Mabuku oyamba a nyimbo za gululi anawasindikiza Benjamin Franklin ku Philadelphia kuyambira 1730, koma Franklin analibe zilembo zachijeremani zija zokhotakhota, ankagwiritsa wamba. Sauer ndiye anazipeza, ndipo mu 1739 anatulutsa buku lalikulu la nyimbo pafupifupi 700 lotchedwa Zionitischer Weyrauchs-Hügel. Ali mkati mosindikiza anaima pa nyimbo nambala 400. Iye anaona kuti m'ndime ina wolembayo akudzikweza mpaka kufika pa malo a Khristu. Anafunsa. Beissel m'malo mofotokoza anayankha mwaukali, Sauer naye n'kutulutsa nkhani yonseyo poyera. Mungati Sauer anali ndi chifukwa chake, mkazi wake ali kumeneko, ndipo n'zoona. Koma munthu wamkwiyo amathanso kuwerenga bwino. Funso lake linali loyenera. Patangopita zaka zochepa a ku Ephrata anapeza makina awoawo osindikizira, ndipo kuyambira pamenepo panalibenso wakunja woima pakati pa cholembera cha Beissel ndi pepala.

Zotsatira zake mukhoza kuziganizira. Nyimbo za ndime zambirimbiri, chithunzi chomwecho kubwera kachitatu, kachinayi, njiwa yomweyo, chipululu chomwecho. Analibe womuuza kuti bambo, apa mwanena kale, dulani. Anzanga a muno amene mumakwiya wina akakulemberani pansi pa ndakatulo yanu kuti ndime yachitatu ilibe ntchito, onani kuno kumene munthu amathera akathamangitsa onse omutsutsa.

Muyerekezeni ndi Gerhard Tersteegen, wa m'badwo womwewo, wobadwa mu 1697 n'kumwalira mu 1769. Naye anali wa timagulu ta m'nyumba, naye anagwirapo ntchito yoomba, naye sanakwatire, naye ankakonda za kukhala chete pamaso pa Mulungu. Iye sanasamukire kunja kwa Germany. Nyimbo zake mpaka lero zili m'mabuku a mipingo ya kumeneko ndipo zina zinamasuliridwa m'zilankhulo zina. Za Beissel simuzimva pa Sabata kapena Lamulungu m'mipingo wamba. Kusiyana kwake, mmene ndikuonera ine, n'koti Tersteegen analembera munthu aliyense wogwada, pamene Beissel analembera a m'kati mwa mpanda. Kuti umve nyimbo yake uyenera kudziwa kale kuti njiwayo ndi mpingo wawo, kuti Sophia ndani, kuti chipululucho ndi pa Cocalico. Mpandawo utagwa, nyimbozo zinalibe kopita.

Pali mbali ina imene imaseketsa ukangoimva, koma ukaiganizira siseketsa. M'mawu oyamba aja a 1747 analembamonso za zakudya za woimba. Nyama ayi. Mkaka akuti umalemetsa, batala amabweretsa ulesi, tchizi chimatenthetsa mutu, mazira amadzutsa zilakolako, uchi umawalitsa maso koma suyeretsa mawu. Nyemba nazo anazikana, akuti n'zolemera komanso zimautsa zonyansa. Akanakhala kasitomala wanga bwenzi ndikubwerera ndi katundu yense kunyumba! Zimene analoleza ndi tirigu, mbatata ndi ndiwo zina za mizu, ndi madzi. Ndiye ganizirani: munthu wadya kamodzi, wagona pa thabwa, wadzuka pakati pa usiku, masana wagwira ntchito, madzulo alowe sukulu ya nyimbo ya maola angapo, mphunzitsi wake wokalipa mpaka ophunzira kulira. Buku la mbiri ya mudziwu, Chronicon Ephratense, la 1786, lolembedwa ndi abale ake omwe omukonda, silibisa kuti sukuluyo inali yankhanza, ndiponso kuti panafika nthawi imene alongo anamuuza kuti atopa nayo.

Ndipo kuimbako kunkakomadi. M'busa Jacob Duché wa ku Philadelphia, amene anakafikako cha mu 1771, anafotokoza za alongo okhala pansi mitu yowerama, nkhope zotumbuluka, timawu tating'ono tokwera m'mwamba timene tinamulowa mpaka mumtima. Beissel apo anali atamwalira kale, koma sukulu yake inali ikumvekabe. Ineyo ndikawerenga zimenezi sinditha kulekanitsa kukomako ndi nkhope zotumbulukazo. Mawu opyapyala aja anali a matupi opyapyala. Mlendo anamva angelo, n'kubwerera kwawo kukadya nyama yake. Funso limene wotsutsa zolemba sangalithawe n'lakuti kodi tikamayamikira chinthu chokongola, tiziwerengeranso amene anachilipirira? Ine ndikuti inde, makamaka ngati wolipirayo si amene dzina lake lili pachikuto.

Nkhani ya maina ndiye yandikhudza kwambiri. Sukulu ya nyimbo ku Ephrata sanaiyambitse Beissel. Anaiyambitsa Ludwig Blum, mmodzi wa a m'mabanja aja, amene ankadziwa nyimbo, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1740. Chronicon yomweyo ikufotokoza kuti alongo ankaphunzira kwa Blum n'kumakatula zonse kwa Beissel, ndipo Beissel atadziwa zokwanira, Blum anauzidwa kuti safunikanso. Wina analima, wina anakolola. Komanso buku losindikizidwa lija linali ndi mawu okha. Manoti ankakoperedwa pamanja, tsamba ndi tsamba, ndi zokongoletsa za maluwa ndi mbalame m'mphepete, ndipo ambiri mwa okoperawo anali alongo. Mwa mawu anayi a kwaya, atatu apamwambawo nthawi zambiri ankaimbidwa ndi akazi. Munthu amene anagawa manoti kukhala mabwana ndi antchito sanachite kuganiza patali, anangoyang'ana pabwalo pake.

Koma taonani mmene zinatembenukira. Pali buku lalikulu lamanja la 1746, limene limadziwika kuti Ephrata Codex. Peter Miller, amene analowa m'malo mwa Beissel, analipereka kwa Franklin mu 1771, ndipo lero lili ku Library of Congress ku Washington. Kwa zaka zoposa 200 anthu ankangoti nyimbo zonse za m'menemo n'za Beissel. Posachedwapa woimba komanso wofufuza wina, Christopher Herbert, poliyang'anitsitsa anaona maina olembedwa ting'onoting'ono m'mbali mwa nyimbo zina: abale awiri, Jaebez ndi Theonis, ndi alongo atatu, Föben, Hanna ndi Ketura. Anafika pa mfundo yoti maina amenewa akusonyeza opeka nyimbozo, ndipo nkhaniyi itamveka mu 2020 akazi atatuwa anayamba kutchulidwa ngati akazi oyamba odziwika maina kupeka nyimbo ku America. Maina awo akubadwa anali Christianna Lassle, Hannah Lichty ndi Catherine Hagamann. Enawo anali maina opatsidwa polowa m'mudzimo.

Apa ndiye ndimavutika kumuweruza bambo ameneyu. Lamulo lomwe ndalinyoza kuti ndi louma ndi limene linatsegulira akazi atatuwa khomo, pa nthawi imene mkazi wamba, wosakhala mwana wa mfumu kapena wa katswiri, sakanaloledwa n'komwe kuyandikira ntchito imeneyi. Lamulo lovuta likanakhala la ophunzira okha. Lake linali ngati muyezo wa pamsika, aliyense akhoza kuugwira n'kuyeza. Komabe sindikufuna kumupatsa ulemu wonse. Kuwapatsa chida ndi chinthu china, kuwapatsa dzina ndi chinanso, ndipo dzinalo linakhala m'mphepete mwa tsamba, m'tizilembo tofuna munthu wa maso akuthwa.

Thomas Mann, m'buku lake la Doktor Faustus la 1947, anaikamo Beissel. Mphunzitsi wina wachibwibwi amakamba za iye pamsonkhano, anyamata awiri n'kutuluka akuseka za mabwana ndi antchito. Koma mmodzi wa iwo, amene adzakhale wopeka nyimbo wamkulu, amamuikira kumbuyo, ponena kuti dongosolo ngakhale lopusa limaposa kusowa dongosolo. Mann ankakonzera njira nkhani ya lamulo lina lokhwima la nyimbo, la manoti 12, la m'zaka za m'ma 1900. A m'gulu lino okonda malamulo mukhoza kuombera m'manja pamenepa, koma musafulumire. Mnyamata wonena zimenezoyo m'bukumo ndi amene amadzapangana ndi mdyerekezi. Komanso Mann anaona lamulo lokha, ngati kuti linadziimba lokha. Sanafunse za Blum, sanafunse za amene ankakopera usiku, ndipo za Föben panthawiyo zinali zisanatulukire. Kwa ine funso si lakuti lamulo kapena ufulu. N'lakuti lamulolo limalola ndani kulowa, ndipo limaletsa nyimboyo kunena chiyani. La Beissel linalola ambiri kulowa, n'kuletsa onsewo kulira.

Anamwalira pa 6 July 1768, koma nkhani n'njoti mudzi womangidwa pa umbeta subereka olowa m'malo. Mlongo womaliza wa osakwatiwa aja anamwalira mu 1813. Mabanja anapitiriza mpingowo mpaka 1934, ndipo mu 1941 boma la Pennsylvania linatenga malowo kuwasandutsa osungirako mbiri. Nyumba ya alongo ikadalipo, ndi zitseko zake zazifupi zoti munthu aziwerama polowa. Kunatulukanso chimbale chotchedwa Voices in the Wilderness, oimba anayi, chojambulidwa m'nyumba yopemphereramo ya ku Ephrata komweko, motsogozedwa ndi Herbert. Amene muli ndi bandulo yokwanira kachisakeni, mumvere nyimbo zitatu motsatizana, kenako mudzandiuze pansipa ngati yachitatuyo munaisiyanitsa ndi yoyamba.